Ndalembetsa mpikisano wothamanga m'matope koma ndikungogwa, ndizisiye?

Funso la ulendo uno lachokera kwa mayi wina wothamanga, ndalidula pang'ono koma nkhani yake ndi iyi:

"Kochi, ine ndathamanga pa tala zaka zitatu, makilomita 10 ndimamaliza pa mphindi 55 ndipo 21 ndinathamangapo kawiri. Anzanga andinyengerera mpaka ndalembetsa mpikisano wa makilomita 21 wodutsa m'tinjira ta kumudzi, m'minda, m'madambo ndi m'zitunda, uchitika nthawi ya mvula ndipo kwatsala masabata 6. Loweruka ndinakayesa njira yofanana nayo mvula itangokata, ndinagwa katatu, nsapato imodzi inatsalira m'thope ndinachita kuifukula ndi manja, makilomita 8 okha ananditengera ola ndi mphindi 10. Chaka chatha ndinabinya kakolo wakumanzere ndiye mantha anga ali pamenepo. Vuto ndi nsapato kodi? Kapena ndingozisiya?"

Achemwali, mtima m'malo kaye, musazisiye ayi. Kugwa katatu kokha tsiku loyamba, mutavalanso nsapato za pa tala, ndiye kuti balansi muli nayo ndithu. Ine ulendo wanga woyamba ndinasiya n'kuwerenga komwe, ndinafika pomalizira thope mpaka m'makutu, nambala ya pachifuwa osaonekanso moti olemba nthawi anachita kundifunsa kuti bambo nambala yanu ndi chani. Papita zaka zambiri chichitikireni zimenezo, ndathamanga mipikisano yotere yochuluka komanso kukonzekeretsa anthu, ndipo amene ndimawaona akuzunzika kwambiri ndi anthu a sipidi ya pa tala omwe amabwera ndi wotchi yawo n'kumafuna kuti thope liwamvere. Silimva munthu thope. Paja walira mvula walira matope, mwalembetsa mpikisano wa nthawi ya dzinja ndiye kuterereka kuli m'kati mwa pulani, chofunika n'kudziwa kuterereka kwake.

Tiyambe ndi ola ndi mphindi 10 zija chifukwa ndikuona kuti zakupwetekani mtima kuposa kugwako. Pa tala mukaponda phazi limakankha chinthu cholimba, basi mwapita. M'thope phazi limayamba lalowa, kenako pokankha limatererekera m'mbuyo pang'ono, kenakonso muyenera kulizula, ndiye sitepe imodzi mukuilipira katatu. Onjezaninso lomwe lamata ku nsapato. Ofufuza anapeza kalekale kuti magalamu 100 aliwonse owonjezera pa nsapato amadya mphamvu zina pafupifupi 1 peresenti, tsono ganizirani dothi la makande lija lomwe limamata mpaka kukhala ngati mwavala njerwa. Kilomita yomwe pa tala mumaidya pa mphindi 5 ndi theka kumeneko ikhoza kukhala 8 olo 9, thupi lili bwinobwino, palibe chomwe chaonongeka. Wotchi valani ngati mukufuna koma izingokuuzani mtunda, muyeso wanu ukhale mpweya. Theka loyamba la mpikisano muzitha kulankhula chiganizo chonse osadukiza, mukaona kuti mwayamba wefuwefu pa kilomita ya 4 dziwani kuti ngongole mwatengayo mukailipira pa 16.

Tsopano kapondedwe, apa mpomwe pagona nkhani yonse ndipo ndichedwapo. Munthu akachita mantha poterera amachita zinthu zitatu nthawi imodzi osadziwa: amaumitsa thupi, amabwezera msana m'mbuyo, n'kuponya phazi patsogolo kuti afikire chidendene ngati akumanga buleki. Zitatuzi ndiye zimagwetsa. Chidendene chikafikira kutsogolo kwa thupi pa thope, palibe cholemera pamwamba pake choti chichikanikize pansi, ndiye chimangopitirira, inu khu chagada. Ndikhoza kubetcha kuti pa kugwa kwanu kutatu kuja kuwiri munafikira matako. Mankhwala ake ndi masitepe afupiafupi, ofulumira, phazi lizifikira pansi pa chiuno penipeni ndipo lizifika lonse lathyathyathya kuti timano tonse ta nsapato tilume dothi nthawi imodzi. Musalisiyenso pansi nthawi yaitali, ponda nyamula ponda nyamula, ngati mukudutsa pa mchenga wotentha osavala nsapato. Phazi likaterereka lisiyeni literereke, linalo lafika kale. Manja atambasuleni pang'ono m'mbali, azigwedera mmene akufunira, musachite nawo manyazi, kumeneko aliyense amaoneka ngati nkhuku yothawa mvula.

Maso nawo. Ongoyamba kumene amayang'ana zala zawo, ndiye chilichonse chimawadzidzimutsa. Yang'anani mamita atatu kapena anayi kutsogolo, sankhani poti muponde, mapazi akafika okha pamenepo. Ndipo musamamatire kumbuyo kwa munthu, siyani mpata, chifukwa iye akuona dzenje inu mukuona msana wake.

Kutsetsereka ndi kumene kakolo wanuyo adzayesedwe. Thupi lidzakuuzani kuti bwerera m'mbuyo, inu mukane, chifuwa chikhale pamwamba pa mapazi, mawondo opinda pang'ono, masitepe aang'ono kwambiri. Pakakhala potsetsereka zedi musatsike molunjika, dulani mokhotakhota kapena chammbali, fufuzani pomwe pali udzu, timiyala kapena pomwe anthu sanapondeponde chifukwa pakati pa njira pomwe padutsa anthu 200 pamakhala ngati papakidwa sopo. Ndipo palibe lamulo loletsa kutsika chokhala, ine ndatsikapo zitunda zingapo ndi matako dala, anzanga oumirira kuimirira ndinawapeza pansi akupukuta magazi m'zigongono. Pokwera ndiye musavutike n'komwe, chitunda chikakula yendani. Manja pa ntchafu, kankhani, masitepe achangu, akatswiri enieni amachita zomwezo ndipo nthawi zambiri woyendayo amafika pamwamba limodzi ndi wothamangayo koma iye mpweya akadali nawo.

Zithaphwi anthu amazizemba podutsa m'mphepete, koma m'mphepetemo ndi motsetsereka komanso mopondedwa kwambiri, ndiye mmene mumagwetsa. Kawirikawiri pakati penipeni pansi pake pamakhala polimba, dutsani pomwepo thapsa thapsa, mapazi anyoweretu pa kilomita yoyamba nkhani ya kusamala ithe. Koma chithaphwi chachikulu chomwe simukuona pansi pake chepetsani liwiro, onani kaye amene ali patsogolo kuti chamulekeza pati, mukhoza kukhala mwala kapena dzenje la tayala la thirakitala. Zinthu zomwe ndimaopa ine kuposa thope lenilenilo ndi mizu yonyowa, miyala ya ndere ndi maulalo a mitengo. Muzu mudumphe, ngati simungathe uponderani mopingasa, osati motsatira utali wake. Ulalo yendani basi, masekondi asanu amenewo sakusaukitsani. Mtsinje ngati ukuthamanga ndipo madzi apitirira mawondo, olo anzanu akuwoloka, dikirani oyang'anira mpikisano akuuzeni poyenera, madzi othamanga amagwetsa munthu wamkulu mosavuta kuposa mmene mukuganizira.

Nanga nsapato? Eya, mbali ina vuto ndi limenelo, sindikukanirani. Tembenuzani nsapato yanu ya pa tala muone kunsi, ndi kosalala ngati tayala lakutha. Za m'tchire wamba zimakhala ndi timano ta mamilimita 3 kapena 4, zimenezo n'zabwino pouma ndi pa miyala. Za matope zenizeni timano take timayambira 5 kufika 8, ndipo chofunika kwambiri totalikirana, kuti thope lizigwa lokha mukamathamanga. Timano tothithikana timadzaza pa mphindi ziwiri nsapato n'kusanduka yosalala ngati ija mwasiya kunyumba. Mitundu ngati Salomon Speedcross kapena Inov-8 Mudclaw inapangidwira zomwezi, koma dzina lisakuvutitseni, tembenuzani nsapato iliyonse muone mano ake ndi mipata yake. Ikhale yogwira phazi bwino pakati ndi kuchidendene, kutsogolo isiye kampata ngati chala chachikulu chakumanja chopingasa kuti zikhadabo zisamagunde potsetsereka, apo ayi mudzazitaya ziwiri pakatha mwezi. Kunsi isakhale yokhuthala kwambiri, mukatalikira kumwamba kakolo amapindika msanga.

Pali msampha umodzi womwe umakola ambiri, nsapato zosalowa madzi zija za Gore-Tex. Zimamveka zanzeru eti? Pa udzu wa mame zili bwino, koma mukangolowa m'chithaphwi chopitirira kakolo madzi amalowera pamwamba ndipo potulukira alibe, mudzathamanga makilomita 15 mutavala zidebe. Tengani zomwe zimalowa madzi n'kutulutsanso. Ndipo mugule pano, sabata ino, muzithamange kasanu kapena kupitirira tsikulo lisanafike. Nsapato yatsopano pa tsiku la mpikisano ndi matuza okhaokha.

Ija inatsalira m'thope ija ndi nkhani ya zingwe. Pamwamba pa nsapato zambiri pali kabowo komaliza komwe anthu sakagwiritsa ntchito. Lowetsani chingwe m'kabowoko mbali yomweyo kuti chipange kakhutu, chitani chimodzimodzi mbali inayo, kenako chingwe chakumanja chilowe m'kakhutu kakumanzere, chakumanzere kakumanja, kokerani pansi n'kumanga mfundo ziwiri. Chidendene chimakhala gwa. Zotsala za chingwezo zilowetseni pansi pa zinzake kuti zisakole m'tchire, komanso chingwe chonyowa chimamasuka msanga. Phazi likamira, musalikoke ndi chidendene poyamba chifukwa ndi mmene mumavulira nsapato nokha, kwezani zala m'mwamba ngati mbedza, ligwedezeni pang'ono mpweya ulowe, lizuka ndi nsapato yake.

Masokosi a thonje asiyeni, amamwa madzi n'kukwinyika ndipo khungu lonyowa silichedwa kunyuka. Valani opyapyala a nayiloni kapena a ubweya wa nkhosa za merino, ofika pamwamba pa kakolo kuti mchenga usalowe. Pakani Vaseline pakati pa zala, kuchidendene, m'mphechepeche, m'khwapa ndi momwe mumadutsa lamba wa bra, thope likauma m'malo amenewa limakhula ngati sandipepa. Zikhadabo wengani masiku atatu mpikisano usanachitike. Kamwala kakalowa mu nsapato imani mukachotse pomwepo, ndinaonapo mnyamata wina akuumirira nako kuopa kutaya theka la mphindi, pa kilomita ya 14 anali atakhala pa chitsa sokosi ili psuu.

Tibwere kwa kakolo, chifukwa apa mantha anu ali ndi maziko. Kakolo amene anabinyapo kale amakhala pa chiopsezo chachikulu chobinyanso, makamaka ngati mutachira munangobwerera pa msewu osamulimbitsa. Sikuti mitsempha yokha ndi imene imafooka, kakoloyo amaiwalanso kumva msanga kuti phazi lapendekeka, ndiye thupi limachedwa kukonza. Ubwino wake zimenezi zimaphunzitsika ndipo masabata 6 ndi okwanira kuti musinthe zinthu. Tsiku lililonse imani ndi mwendo umodzi masekondi 30 katatu, potsuka mano pomwe, zikaphweka tsinzinani, zikaphwekanso imani pa pilo. Onjezani kunyamuka ndi zala mwendo umodzi pa sitepe maulendo 15 katatu, kudumphadumpha chammbali ndi mwendo umodzi n'kuima osagwedera, ndi masikwati (kunjuta n'kudzuka) a mwendo umodzi osatsika kwambiri. Mphindi 10 zatha. Tsiku la mpikisano mukhoza kumanga tepi kapena kuvala chomangira kakolo, zimathandiza kwa amene anavulalapo, koma muziyese pa tireningi kaye chifukwa tepi yomangidwa molakwika ikanyowa imamatuka n'kuyambitsa matuza. Ndipo ndinene mosabisa, ngati kakoloyo amatupabe mukathamanga, kapena amangopindika yekha mukuyenda pabwinobwino, kaonaneni ndi fiziyo kapena dokotala sabata ino musanapitirize, mwina adzakuuzani kuti mutsike ku mtunda waufupi ngati ulipo ndipo mumvere.

Tireningi yotsalayo siyovuta. Kuthamanga kwanu kwakutali kwa pa sabata kuchotseni pa tala kupite m'tinjira, ndipo muziwerenga nthawi osati makilomita: ola ndi mphindi 15, kenako ola ndi theka, kukwera pang'onopang'ono mpaka maola awiri ndi pang'ono kutatsala masabata awiri, chifukwa tsikulo mukhoza kukhala pa mapazi maola atatu. Mvula ikagwa musabisale, imeneyo ndiye kalasi. Pezani chitunda chimodzi choterera muzikwera choyenda n'kutsika chothamanga kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa sabata, ntchafu zidzawawa tsiku lachiwiri ndi lachitatu poyamba koma zimazolowera msanga, bola ziwawe pano kusiyana ndi pa kilomita ya 17. Masiku 10 omaliza chepetsani, simungawonjezerenso mphamvu nthawi imeneyo, mungangotopa.

Pa tsikulo, akuluakulu anati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, la m'matope n'chimodzimodzi. Tinjira timeneti timapanikiza anthu kukhala mzere umodzi, mukayambira kumbuyo kwenikweni mudzaima pamzere pa kamlatho koyamba komanso mudzapeza njira itapondedwa yasanduka phala. Koma musakaimenso kutsogolo ndi anyamata a sipidi, adzakukokani mpaka kupsa. Imani pakati, chakutsogolo pang'ono. Kumwa musaiwale poti kukuzizira kapena kukugwa mvula, thukuta likutulukabe, imwani mukamva ludzu pang'onopang'ono koma osadzikhuthulira madzi mopitirira, madzi ochuluka kwambiri amasungunula mchere wa m'magazi ndipo zimenezo n'zoopsa. Mukapitirira ola yambani kulowetsa zopatsa mphamvu, magalamu 30 mpaka 60 a shuga kapena sitachi pa ola, zomwe munaziyesa kale pa tireningi. Kukamwa kwa botolo kuzikhala kovundikira, ndipo manja a matope asakhudze chomwe mukuika m'kamwa, minda yomwe mukudutsamo mumadya ziweto ndipo si zonse zakuda zomwe zili thope, anthu amatsegula m'mimba pakatha masiku awiri n'kumanamizira zina. Mankhwala opha ululu a ibuprofen kapena diclofenac musamwe musananyamuke kapena m'njira, thupi likachepa madzi mankhwala amenewa amapweteka impso. Foni ndi makiyi mu kapulasitiki kotseka. Mphenzi zikayamba tsikani pamwamba pa chitunda ndipo musabisale pansi pa mtengo womwe uli wokha.

Mukagwa, ndipo mudzagwa, musadzuke mothamanga chifukwa cha manyazi. Pumani kawiri, gwedezani kakolo ndi dzanja, imirirani, yendani masitepe angapo. Madokotala a ku Ottawa ku Canada anakonza kalondolondo mu 1992 wodziwira amene akufunika ekisire, ndipo mfundo zake n'zosavuta kukumbukira: ngati simungathe kuyenda masitepe anayi, kapena mukadina pa fupa lenilenilo, kumbuyo kapena kunsonga kwa timafupa totuluka m'mbali mwa kakolo tija, kapena pa fupa la m'mphepete mwa phazi chapakati mbali ya kachala kakang'ono, mukumva kuwawa kobaya, mpikisano wathera pomwepo, itanani oyang'anira mupite kuchipatala. Chimodzimodzi mukamenyetsa mutu n'kuchita chizungulire, kusanza kapena kusokonezeka.

Mukamaliza vulani zonyowa msanga, thupi likangoima limazizira mofulumira ndipo ndaonapo anthu akunjenjemera mano gwegwegwe dzuwa likuwala. Choncho m'chikwama musiye tawulo, zovala zouma, masokosi ndi jumbo yaikulu yoponyamo zonse za matope. Mabala, olo tating'ono, tsukani ndi madzi oyera ambiri ndi sopo mpaka dothi lonse lichoke, musamate thope m'kati ndi pulasitala. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndiye ngati papita zaka zoposa 10 chibayitsireni katemera wake kabayitseni mpikisano usanafike, ndipo bala likakhala lakuya komanso lakuda a chipatala amabayanso olo papite zaka 5 zokha. Bala lomwe likufiira mozungulira, kutentha, kutupa kapena kutuluka mafinya pakatha masiku awiri atatu likaonedwe. Mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka ndipo minofu ikuwawa modabwitsa, pitani kuchipatala, musadikire mawa.

Pali matenda ena omwe othamanga ambiri sawadziwa, leptospirosis. Amachokera mu mkodzo wa makoswe, ng'ombe, agalu ndi nyama zina, amakhala m'madzi ndi m'matope makamaka mvula ikagwa yambiri, ndipo amalowera pa bala, m'maso kapena m'kamwa. Mu 2000 anthu ambiri omwe anapikisana pa mpikisano wa m'tchire wa Eco-Challenge ku Sabah pa chilumba cha Borneo anadwala matendawa atabwerera m'maiko awo, ambiri atasambira mu mtsinje wa Segama. Vuto lake amachedwa, kawirikawiri masiku 5 mpaka 14 koma pena mpaka mwezi, munthu waiwala kale za mpikisano, ndipo amabwera ngati malungo kapena chimfine chachikulu: kutentha thupi, mutu, akatumba kuwawa kwambiri, maso kufiira. Amachizika ndi maantibayotiki akapezeka msanga, akachedwa amagwira impso ndi chiwindi. Ndiye mukatentha thupi m'mwezi wotsatira, muuzeni dokotala mwachindunji kuti ndinathamanga m'matope ndi kuwoloka madzi tsiku lakuti, chifukwa payekha sangaziganizire. Ngati derali kuli likodzo ndipo munalowa m'madzi odikha, mutchulenso zimenezo. Bala lililonse lomwe muli nalo musananyamuke limateni ndi pulasitala yosalowa madzi.

Nsapato zija musazisiye mu jumbo mpaka Lachitatu, fungo lake mudzathamangitsa a m'nyumba. Tsiku lomwelo chotsani kansole kam'kati, tsukani ndi madzi ozizira ndi burashi yakutha, timano mutokose ndi kamtengo, kenako pakiranimo nyuzipepala muzisintha zikanyowa, ziume pamthunzi podutsa mphepo. Pafupi ndi moto ayi, guluu wake amasungunuka ndipo sole imayamba kuyasamula.